Mkeka Kunja kwa Mpanda wa Chipatala

Nkhani ya imfa ya atelala a ku Machinga yakambidwa kwambiri pakati pa ife a ku Malawi okhala ku Yeoville, kuno ku Joni, ndipo ikamakambidwa imanka isintha. Pamaliro ena chaka chathachi ndinamva mkulu wina wa ku Chipata, amene amagulitsa nsomba zouma pamsika wathu, akuuza anthu kuti atelalawo anamenyedwa ndi asilikali mpaka kufa. Amayi ena amati akazi awo anawataya pageti pa chipatala n'kuthawa poopa matenda. Zonsezi n'zabodza. Ine ndinalipo kuyambira pamene miyendo yawo inayamba kutupa kufikira pamene tinawaika m'manda. Popeza sukulu ndinafika nayo folomu folo, nthawi imene folomu folo inali ndi ulemu wake, ndaona kuti ndi udindo wanga kulemba zimene zinachitikadi ndisanamutsatire mnzangayo.

Tinkakhala m'nyumba imodzi yakale imene eni ake anaidula zipinda kuti azichititsa lendi. Ine ndinali woyang'anira sitolo ya zipangizo pakampani ina yomanga nyumba ku Fourways, pamene iwo ankasoka pafakitale ina m'kati mwa Joni. Sankasoka malaya kapena mathalauza ayi. Fakitaleyo inkalandira maoda a matenti a asilikali, ndipo iwo ankakhala pamakina aakulu tsiku lonse akukoka chinsalu chobiriwira, cholimba ngati chikopa cha ng'ombe. Zikhatho zawo zinali zokhakhala, ndipo fungo la nsaluyo, lofanana ndi la phula, linkabwera nawo mpaka kunyumba. Iwo anali Msilamu, ine Mkhristu. Ankanditchula kuti Afolomufolo, ine n'kumawabwezera kuti Atelala a boma.

Lamlungu masana, ine ndikabwera ku tchalitchi, tinkakhala pakhonde la kuseri n'kumamvera wailesi. Zaka zimenezo kunkakambidwa kawirikawiri za inshulansi ya zaumoyo ya anthu onse, thumba limodzi la boma loti wolemera ndi wosauka azilandirirapo chithandizo chofanana. Chingerezi chikathamanga, womasulira ndinali ine.

"Afolomufolo, akuti chiyani pamenepo?"

"Akuti akukambiranabe."

"Zichitika zimenezo, muona. Boma ili ine ndimalidziwa kuposa inu. Mwezi uno tasoka matenti odzaza lole. Nkhondo munaionapo ku Joni kuno? Ndiye boma limene limagulira denga nkhondo yoti sinabwere, lingalephere kugulira bedi munthu amene wadwala kale?"

"Mwalakwitsa pomwepo," ndinkatero ine. "Nkhokwe ndi imodzi. Wa mfuti akayamba kutapa, wa jakisoni amapeza zitsononkho. Komanso inu ndi ine ndife alendo. Anakuuzani ndani kuti m'thumbamo muli gawo la kwerekwere, monga amatinyozera eni dziko?"

"Hayi wena! Kwerekwere ndi inuyo, munthu wovala tayi popita kokagula tomato. Ine ndimasokera dziko lino."

Pano ndiyenera kuwongola mfundo ina imene achinyamata athu amaipotoza. Iwo amakamba ngati kuti asilikali a dziko lino amasambira m'ndalama. Si choncho. Wailesi yomweyo inkanenanso kuti asilikali akudandaula za ndege zosauluka ndi magalimoto ogona, ndipo patapita nthawi maoda a matenti anachepa, fakitale n'kuyamba kuchotsa anthu, kuyambira achikulire. Atelala anali m'gulu loyamba kuchoka. Dziko liyenera kukhala ndi alonda ake, zimenezo sindinakanepo. Chimene ndinkaumirira, ndipo ndikuumirirabe, n'chakuti mdani amene amalowa m'nyumba zathu tsiku ndi tsiku ndi matenda, ndipo wogawa chuma cha dziko ayenera kuyamba wayang'ana mdani amene ali kale m'nyumba.

Atelala anali ndi matenda a shuga. Inshulansi ya chipatala ya kuntchito analibe, chifukwa ankalipidwa potengera zimene asoka. Ankalawirira kukaima pamzere kukiliniki ya boma, n'kubwera madzulo atatopa kuposa m'mene anapitira. Miyendo itatupa moti nsapato zinakana, anaitanitsa akazi awo kuchokera kumudzi.

Ndinakawachingamira ndine pamalo otsikira mabasi. Anali mayi wamfupi, wochepa thupi, wofunda mpango mpaka pachipumi. Katundu wawo anandidabwitsa: mkeka wokulunga bwinobwino, kapoto, mthiko, beseni, fulasiki ndi zitenje zingapo. Aliyense wobadwira kwathu akudziwa katundu ameneyo. Kwathu munthu sagonekedwa m'chipatala yekha. Amapita ndi gadiyani, mbale wake womuphikira phala, womusambitsa, womutembenuza, amene amagona pansi pafupi ndi bedi n'kumathamangira anamwino zinthu zikavuta. Mayiwa anali atachitapo ugadiyani wa amayi awo ndi wa mng'ono wawo, ndipo ntchitoyo ankaidziwa monga amuna awo ankadziwira makina.

Ndinawauza tsiku lomwelo, mosabisa.

"Alamu, mkekawu kuno ulibe ntchito. Zipatala za kuno sizilola gadiyani. Odwala amawasamala anamwino okha, abale amalowa pa nthawi yoikika, belu likalira n'kutuluka."

"Nanga akafuna kutembenuka amawatembenuza ndani?"

"Anamwino."

"Akafuna madzi?"

"Anamwino omwewo."

Anandiyang'ana mondimvera chisoni. "Inu alamu, mwaphunzira kwambiri mpaka mumangokhulupirira zilizonse. Kulibe dziko limene munthu amadwala yekha."

Pasanapite nthawi yaitali kunagwa mliri uja wotseka m'chifuwa. Malire anatsekedwa, ife tonse anatitsekera m'nyumba, ndipo m'misewu ya Yeoville munayamba kuyenda magalimoto a asilikali. Tsiku loyamba kuwaona, atelala anadzikoka mpaka pawindo, anayang'ana kwa kanthawi, kenaka anandiitana.

"Afolomufolo, bwerani mudzaone. Makasitomala anga afika. Auzeni kuti telala wadwala, abwere mawa."

Ankasekabe masiku amenewo, koma chifuwa chitayamba nthabwala zinachepa. Tsiku lina masana, akazi awo akuchapa kuseri, anandikhazika pambali pa bedi n'kundiuza chimene chinkawadetsa nkhawa. Pachikhulupiriro chawo, munthu akamatsirizika pamakhala wina pambali pake womukumbutsa mawu aja onena kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Mulungu mmodzi yekha, kuti amenewo akhale mawu omaliza kuwamva ndi kuwanena.

"Imfa sindikuiopa," anatero. "Yakwana nthawi, yakwana basi. Koma munthu akamapita mutu umabalalika, amafuna womukumbutsa. Mayi awa ndinawaitanitsira zimenezo, osati phala. Phala ngakhale inu mukhoza kuphika, ngakhale likhala la mibulu."

Akazi awo anali atalowa osamveka, ataima pakhomo ndi beseni m'manja.

"Ndidzakhalapo," anatero. "Mudzandimva."

M'mawa wina mpweya unayamba kuwathawa. Mwini golosale wina wa ku Mangochi anatibwereka galimoto, ndipo tinawatengera kuchipatala china chachikulu cha boma. Mayi aja anatsika atasenza mtolo wawo wonse, mkeka uli pamwamba. Pageti panali mlonda wovala chophimba kukamwa. Anatambasula dzanja.

"Isiguli kuphela, mama." Ndiye kuti wodwala yekha.

Ndinayankhula naye m'Chingerezi chabwino koposa chimene ndili nacho. Ndinamufotokozera kuti mayiwa abwera kuchokera kutali chifukwa cha ntchito imeneyi yokha, ndi kuti safuna bedi kapena chakudya, koma kachigawo ka simenti kokwana mkeka. Mlondayo sanali munthu woipa. Anangopukusa mutu n'kuloza chikwangwani. Anthu awiri ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anabwera ndi njinga ya odwala, anawakhazikapo atelala n'kuyamba kuwakankha. Iwo anayesa kutembenuka kuti ationenso, koma khosi linakana, anangokweza dzanja.

Sanalowe nawo m'nyumba ya chipatala. M'mawodi munali mutadzaza, ndipo pabwalo loimika magalimoto anali atakhomapo matenti. Tinaona ndi maso athu njinga ija ikulowa mutenti yakumapeto, yoyandikana ndi mpanda wa zitsulo. Inali yobiriwira.

Amayi amene amanena kuti mkaziyu anathawa amve bwino apa. Iye sanalire ndipo sanakangane ndi mlonda. Anatsata mpandawo kunja kwake, akusuzumira pakati pa zitsulo, kufikira atapeza malo oyang'anizana ndi tenti ija. Pamenepo anatula mtolo, anayala mkeka m'mbali mwa msewu n'kukhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankaphika phala, kulithira m'fulasiki, ndipo tinkayenda wapansi kupita pamalo omwewo. Galimoto ya asilikali ikatulukira, ankakulunga mkeka, kukabisala kuseri kwa ngodya, ikadutsa n'kubwereranso. Madzulo tinkabwerera nalo phala lija, fulasiki isanatsegulidwe.

Poyamba atelala anali ndi foni. Tsiku lachiwiri anandiimbira. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono, lililonse ndi mpweya wakewake.

"Afolomufolo, mwaona? Boma landipatsa denga."

"Bedi lilipo?"

"Machira. Ndiye tagawana. Theka ndapambana ine, theka inu." Anayesa kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Chitadutsa anapitiriza. "Msoko uwu ndi wathu. Wopinda kawiri. Ndakhala ndikuuyang'ana kuyambira dzulo. Sudontha umenewu."

Ena masiku ano amakometsera nkhani ponena kuti anafera mutenti imene anasoka okha ndi manja awo. Zimenezo palibe akuzidziwa. Iwo anangonena kuti msokowo unali wa kasokedwe ka fakitale yawo, ndipo ine sindiwonjezerapo kanthu. Anapempha kuyankhula ndi akazi awo. Anayankhulana m'Chiyao mwachidule, ndipo mayiwo anandiuza pambuyo pake kuti anawauza mbali imene akhala, kuti ali pafupi, kuseri kwa nsalu ndi zitsulo zokha. Madzulo a tsiku lomwelo foni inazima. Mutentimo munalibe potchajira.

M'mawa mwake mayi aja anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anaimirira, anagwira zitsulo za mpanda ndi manja onse awiri, anatsitsa chophimba kukamwa, n'kuitana. Anayamba ndi kuwatchula amuna awo ndi dzina la mwana wawo woyamba, monga timachitira kwathu, kenaka ananena mawu aja a chikhulupiriro chawo, momveka, mosathamanga. Sindinkadziwa kuti m'thupi laling'ono lija mungatuluke liwu lotero. Linali liwu la munthu wozolowera kuitana mnzake ali tsidya lina la dambo. Masiku amenewo mzinda unali zii, kopanda mataxi, kopanda ogulitsa malonda, moti mawuwo ankagunda khoma la chipatala n'kubwerera. Koma pambali pa tentiyo panali jenereta yoyendetsa makina a mpweya, ndipo inkalira osapuma.

Sankadziwa ola limene amuna awo adzafune mawuwo, choncho anaganiza zowapatsa nthawi zonse. Ankaitana, kukhala pansi, kumwa madzi pang'ono, n'kuimiriranso. Mutentimo simunkatuluka yankho lililonse. Nthawi zina nsalu inkagwedezeka, iwo n'kundigwira mkono, koma inali mphepo chabe.

Tsopano ndifike pa asilikali a mkulu wa ku Chipata. Msilikali amene anatiyandikira anali mmodzi yekha, bambo wa imvi m'mbali mwa chipewa, wokhala ndi mizere pamkono. Anatipeza mayiwo ali pakati poitana, ndipo anadikira kuti amalize.

"Gogo, hamba ekhaya," anatero, kuwauza kuti apite kunyumba.

Ndinamufotokozera zonse. Anayang'ana tenti ija nthawi yaitali, kenaka anati ulamuliro wake uli pamsewu, geti la chipatala si lake. Komabe anatenga fulasiki n'kupita nayo kugeti. Tinamuona akuyankhula ndi mlonda, kenaka ndi namwino wina. Anabwerera nayo, chifukwa chakudya chochokera kunja sichinkaloledwa, ndipo anaibweza kwa mayiwo ndi manja awiri. Asanachoke anatilozera polo ya magetsi imene inali pafupi, n'kunena kuti tikakhala kuseri kwake anzake a pagalimoto sationa msanga. Ndi zokhazo zimene msilikali anachita pankhani imeneyi. Palibe anamenyedwa.

Panapita masiku angapo. Tsiku lina dzuwa litapendeka, mlonda uja anatikodola. Pageti panaima namwino, maso ali ofiira, mphuno itachekeka ndi chophimba. Anafunsa ngati ndife abale a bambo wa ku Malawi wa mutenti yakumapeto. Anayankhula nane m'Chingerezi. Anati bamboyo anamwalira dzulo lake masana, ndipo analephera kutidziwitsa chifukwa foni ya bamboyo inali yozima. Mlonda ndiye anawakumbutsa za mayi wa kumpanda.

Ndinamasulira zonse monga zinanenedwera. Tanthauzo lake tonse tinalimva popanda wolitchula: tsiku lonse limenelo mayiwa anakhala akuitana munthu amene anali kale kunyumba ya chisoni, ndipo pamachira pake panali patagona wina.

Sanagwe pansi. Anakonza mpango wawo n'kunena kuti, "Alamu, afunseni. Anamva?"

Ndinafunsa. Namwinoyo anati iye ankamva ndithu mayi wina akufuula kunja, koma sankadziwa chiyankhulo chake kapena amene ankamufuulira. Anati pa nthawi imene bamboyo ankatsirizika iye anali pa wodwala wina, ndipo atabwerera anapeza zatha. Bamboyo anali ndi chipangizo cha mpweya kumaso, chimene chimachita phokoso lake m'makutu mwa wodwala. Kuposa pamenepo sakanatha kunena.

"Milomo yawo inkagwedera?"

Namwino anati sanaone.

Tinawaika m'manda a Asilamu ku Joni konkuno, tili anthu owerengeka. Thupi linabwera litakulungidwa m'mapulasitiki, ndipo nsalu ya sanda anaikuta pamwamba pake. Nkhope yawo palibe anaionanso. Malire atatsegulidwa mayi aja anakwera basi kubwerera ku Machinga. Anatenga kapoto, beseni ndi makina aang'ono osokera a amuna awo, koma mkeka anausiya kuseri kwa chitseko changa.

"Alamu, inu kuno mulibe gadiyani," anatero. "Amene adzakuperekezeni adzakhalepo."

Akazi anga anamwalira kalekale, ndipo ana anga anabalalika. Mkekawo ukadali pomwepo, wokulunga monga anausiyira. Nanenso tsopano ndimaima pamzere wa kukiliniki chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo Lamlungu ndikatsegula wailesi n'kumva za thumba lija, ndimapezeka ndatembenukira kumpando wopanda munthu kuti ndimasulire.

Mayiwo amandiimbira foni kamodzikamodzi, mphwawo akawabwereka yake. Amafunsa za moyo wanga, za mvula ya ku Joni, za mwini golosale wa ku Mangochi. Akamaliza zimenezo, ine ndimadziwa chimene chikubwera. "Alamu, inu munaphunzira. M'mene mukuonera, anamva?" Ndimawayankha chimene ndikudziwa: kuti namwino anamva liwu lawo ali m'kati mwa tenti. Amati zikomo, koma ulendo wotsatira amafunsanso.

Atatha maliro aja a chaka chatha, ndinamuitanira pambali mkulu wa ku Chipata n'kumudzudzula chifukwa cha bodza lake. Anati iye anangomva kwa anthu. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kumakamba nkhaniyi, ayambe waona malo ake, ndipo Loweruka lotsatira ndinapita naye. Matenti anachotsedwa kale, pabwalopo paimanso magalimoto. Koma mabowo a zikhomo akadalipo paphula, ndipo munthu wodziwa akhoza kuona pamene tenti yakumapeto inathera. Ndinamuuza kuti alowe akaime pakati pa mabowowo, ine n'kuzungulira kunja mpaka pa polo ija. Ndinagwira zitsulo monga ankagwirira mayi aja. Mawu a chikhulupiriro chawo si anga kuti ndiwatchule, choncho ndinangoitana ndi mphamvu zanga zonse kuti, "Atelala a boma!" Anthu odutsa anatembenuka. Ndinaitananso.

Mkuluyo atatuluka ndinamufunsa.

"Ba mdala, ka liwu ninamvelako," anatero m'Chinyanja chawo, "koma mau yeve siyanamveke. Mataxi yachilamo."

"Nthawi ija kunalibe mataxi."

"Manje si munakamba kuti panali jenereta?"

Tinabwerera ku Yeoville. Ndinali nditaganiza kuti ndikapeza yankho loti ndikawapatse mayi aja, koma ndinabwerako ndi funso lomwe lija.

Kuyambira tsiku limenelo mkuluyo anasiya za asilikali. Nkhaniyi amaikambabe pamaliro, ndipo tsopano amaikamba pafupifupi molondola: mkeka, mpanda, fulasiki yobwezedwa ndi manja awiri. Akaphonya ndimamuwongola pomwepo, anthu akumva. Koma kumapeto amawonjezera zake. Amati bamboyo anamva, anatembenuzira nkhope kumpanda, n'kubwereza mawuwo mpaka mpweya unatha. Iye kunalibe, ndipo palibe munthu wamoyo amene anaona zimenezo. Ulendo woyamba kumumva akutero ndinatsegula pakamwa kuti ndimutsutse, koma ndinapeza kuti ndilibe choika m'malo mwake. Anthu amene amamva nkhaniyi pamaliro ndi omwewo amakwera mabasi opita ku Mangochi ndi ku Machinga, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina idzafika pakhomo pa mayi aja ili ndi mathero a mkulu wa ku Chipata. Akadzandiimbira kuti andifunse ngati zili zoona, sindikudziwa chimene ndidzayankhe.